Batani Lathawa pa Fomu ya Sukulu Yosoka

Aphungu,

Choyamba pepani ndi zimene zinakuonekerani. Ndinaona tsamba lanu lili zii kwa milungu inayi, kenako akonzi analemba kachidziwitso kuti mayi akunyumba anatisiya. Ndikuchita manyazi kukubweretserani nkhani ya batani pa nthawi ngati ino, koma ndasowa kolowera, ndipo batani limeneli likhoza kundichotsetsa ntchito.

Ndine mtsikana wa zaka 24. Miyezi iwiri yapitayo ndinalembedwa pa kaofesi kopanga mawebusaiti, pamwamba pa shopu ya nsapato, ndipo ndikadali pa miyezi itatu yoyesedwa. Tilipo atatu. Pali Bwana, amene amasaka makasitomala koma khodi, zolemba zija zolamula kompyuta, saidziwa n'komwe. Pali ine, wopanga mbali imene anthu amaiona akatsegula tsamba: mitundu, zilembo, mabatani ndi mafomu. Ndiye pali bambo wina wachikulire amene tonse timawatcha a Tidikire. Dzinali analipata okha. Ukangomaliza kanthu n'kunena kuti tikaike pa intaneti, iwo amakweza chala n'kunena kuti, "Tidikire kaye."

A Tidikire ali ndi foni yakale m'dirowa, yagalasi losweka, yomangidwa ndi labala kuti batire lisagwe. Amaitcha Kankhalamba. Tsamba lililonse liyenera kudutsa pa Kankhalamba lisanatuluke. Tsiku lina ndinawaseka kuti, "Ankolo, foni imeneyi ngakhale wakuba angabwere kudzaibweza." Iwo anangoti, "Kasitomala wathu weniweni ndi ameneyu, mwanawe. Chisikirini chakocho n'chokondweretsa Bwana basi." Amandiuzanso kuti ndikasintha kanthu ndizisunga mu Git, kapulogalamu kosunga mbiri ya khodi, n'kulembapo chifukwa chimene ndasinthira. Iwo amatero tsiku lililonse asanaweruke, ngati munthu wotseka khola la nkhuku. Ine ndinachita sabata yoyamba yokha, ndinaona kuti zikundichedwetsa.

Tsono a Tidikire anachoka kwa milungu itatu, anaperekeza mayi awo kukachitidwa opaleshoni ya maso. Lachisanu masana anaimba foni kasitomala wathu wamkulu, mayi ena amene ali ndi sukulu yophunzitsa kusoka. Kalembera wa ophunzira atsopano amayamba Lolemba, ndipo ankafuna kuti pa fomu yolembetsera tiwonjezere malo osankha kalasi ya m'mawa kapena ya masana. Bwana anandiyang'ana n'kufunsa, "Ungathe?" Ine, "Mphindi khumi, Bwana."

Sindinavutike n'kukopera tsambalo pa kompyuta yanga. Ndinalowa molunjika pa seva, pomwe pali tsamba lenileni limene anthu akuliona, n'kuyamba kusintha pompo. Malo osankha kalasi aja ndinawaika bwinobwino. Kuti zonse zikhale pa mzere umodzi ndinakulitsa bokosi la fomu kufika mapikiselo 900 (timadontho toyezera kukula pa sikirini), batani la "Tumizani" n'kukhala kumapeto, kudzanja lamanja. Zinakongola, Aphungu, musandinamize kuti ayi.

Kenako ndinatsika mpaka pansi pa fayilo ya CSS, ija imene imalamula maonekedwe a tsamba. Ndinapeza mizere pafupifupi makumi anayi ya a Tidikire, ndipo pamwamba pake panali liwu limodzi lokha: "Musakhudze." Ndiye mukudziwa mtima wa munthu ukaona mawu otere. Ndinati ndione kaye kuti mizereyi imagwira ntchito yanji. Ndinaichotsa, n'kutsegulanso tsamba pa sikirini yanga. Palibe chinasintha, olo kadontho. Ndinaibweza, palibe chinasintha. Ndinaichotsanso, chimodzimodzi. Mumtima ndinati akuluwa amangosunga zinyalala. Ndinaifufuta yonse, ndinasunga fayilo, n'kuweruka ndikuimba kanyimbo.

Lolemba kalembera anayamba, koma palibe analembetsa. Lachiwiri, zii. Lachitatu tinamva mapazi pa masitepe, kenako mayi aja anatulukira pakhomo, tepi yoyezera ili m'khosi, akupuma mwawefuwefu. Anandiika foni yawo pamphuno. "Mwana wanga, ine ndine wosoka. Diresi lopanda zipi sindipereka kwa mwini wake. Fomu yakoyi ilibe zipi." Kuyang'ana, zoonadi. Pa foni munthu amalemba dzina, amalemba nambala, amasankha kalasi, koma batani la "Tumizani" palibe. Lathawira kumanja, kunja kwa galasi, ndipo tsamba silisuntha ngakhale ulikoke ndi chala mpaka chituluke thukuta.

Bwana atafunsa, ndinati mwina ndi netiweki. Ndinanama, Aphungu, ndipo bodzalo linatuluka lokha ngati chitsokomolo.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikusokasoka zigamba. Panopa pa seva pali fomu_yatsopano, fomu_yatsopano2, fomu_yomaliza ndi fomu_yomaliza_zenizeni, ndipo sindikudziwanso kuti tsamba likuwerenga iti. Batani silinabwerere, koma chithunzi cha makina osokera chakwera pamwamba pa dzina la sukulu. Pofuna kuthandiza, ndinalemba nambala ya mayi aja pamwamba pa tsamba kuti anthu aziwaimbira. Dzulo andiimbira ine. "Ndikudula nsalu, foni. Ndikuyeza munthu m'chiuno, foni. Wina wandifunsa ngati timaphunzitsanso kuyendetsa galimoto. Iwe mwana, unditenge ine ngati kapepala kotsatsira malonda?"

Anena kuti fomu ikapanda kugwira ntchito pofika Lachisanu likubwerali, apita kwa ena. Bwana andiuza kuti tsiku lomwelo tikambirananso za ine. A Tidikire abwerera Lolemba lotsatira, zinthu zitatha kale.

Ndaganiza chonchi. Ndinaona pa kanema chida china chatsopano chopangira mawebusaiti, akuti n'chothamanga kwambiri. Bwanji ndigwetse tsamba lonse, ndimange latsopano ndi chida chimenecho masiku atsalawa? Aliyense adzaona chinthu chatsopano chonyezimira, ndipo za mizere makumi anayi ija palibe adzazidziwe. Kodi ndi nzeru? Kapena ndingolongedza kapu yanga ya tiyi ndizipita ndisanathamangitsidwe?

T.M.,
pamwamba pa shopu ya nsapato

Mwana wanga T.M.,

Zikomo chifukwa cha chipepeso. Usachite manyazi ndi batani lakolo. Kwa mwezi wathunthu anthu akhala akundilankhula motsitsa mawu ngati ndine dzira, ndipo iwe ndiwe woyamba kundibweretsera vuto loti ndingalithe. Ndaseka pa fomu_yomaliza_zenizeni mpaka mwana wanga wamkazi wabwera kudzasuzumira.

Kapu ya tiyi isiye pomwe ili. Tsamba latsopano usamange. Munthu sagwetsa nyumba chifukwa choti wataya kiyi wa chitseko. Chida chimene wachionera pa kanema sunachigwirepo, ndipo masiku anayi amangokwana kuti uphunzire kulakwitsa nacho. Lachisanu udzapezeka uli ndi matsamba awiri osagwira ntchito m'malo mwa limodzi.

Ndikuuze chimene unafufuta. Mizere ija inali malamulo a masikirini ang'onoang'ono. Imauza tsamba kuti, ukaona galasi lachepa, leka kufola zinthu m'mbali, zisanje chimodzi pansi pa chinzake, batani likhale pansi pomwe chala chingalifike. Pa chisikirini chako mizereyo imagona tulo, chifukwa si nthawi yake. N'chifukwa chake unaichotsa kawiri konse osaona kusintha. Unali ngati munthu wotaya ambulera mu chilimwe chifukwa waitsegula n'kuona kuti sikutchinga kanthu. Cholakwa chimenechi aliyense wa ntchito yathuyi anachichitapo. Amene akukana, mufunse bwino.

Tsopano chita izi, ndipo uyambe lero.

Chotsa manja pa seva. Usasinthenso kalikonse pamenepo. Kopera zonse zimene zilipo, zigamba zako zomwe, uziike mu foda ina pa kompyuta yako kuti pasatayike kanthu. Kuyambira lero ntchito uzigwirira pa kompyuta yako, pa seva pazipita zokhazo zimene zayesedwa.

Ukatero uimbire a Tidikire. Ndikudziwa kuti ukuopa. Koma safunsa anadya phula, ndipo iwe walidya kale sabata yathunthu. Uyambe wafunsa za maso a mayi awo, kenako unene mosazungulira: "Ankolo, ndinafufuta mizere ya Musakhudze." Mwina adzatsokomola. Kenako adzakuuza pomwe pali mbiri ya tsambalo. Munthu wotseka khola la nkhuku madzulo aliwonse nkhuku zake zimakhala zilipo. Mizere yako makumi anayi sinafe, ili mu Git, mmene anaisiyira tsiku limene ananyamuka.

Tsegula mbiriyo, upeze pomwe anasunga komaliza, uyerekeze fayilo yawo ya CSS ndi yako. Git idzakuonetsa mizere yochotsedwa mofiira, yowonjezedwa mobiriwira. Usabweze tsamba lonse m'mbuyo, chifukwa malo osankha kalasi aja ndi ntchito yabwino ndipo mayi akusukulu akuwafuna. Tenga fayilo ya a Tidikire ikhale maziko, uwonjezerepo zako zokhazo zofunika, chimodzi chimodzi, ukuyesa ukangowonjeza. Chithunzi cha makina chija chidzatsika chokha, chifukwa chinakwezedwa ndi zigamba zako. Mafayilo anayi a mayina olumbira aja uwachotse. Fayilo imakhala imodzi, mbiri yake ndiye imakhala yaitali.

Mapikiselo 900 aja nawonso achoke. Mayi akusukulu angakuuze kuti siketi ya ana asukulu saisoka pa muyezo wa mwana mmodzi, amaika lasitiki. Liuze bokosilo kuti litenge malo onse amene lapatsidwa, koma lisapitirire 900. Likapeza galasi lalikulu lidzatambasuka, likapeza laling'ono lidzadzikunga. Ndipo ntchito ikubwerayi uyambe kupangira foni, kenako uzikulitsa. Kuwonjeza malo n'kosavuta, kupanikiza katundu wa m'chipinda chachikulu kuti alowe m'kachipinda ndiye kumathyola mipando.

Poyesa, yamba ndi zotchipa. Gwira m'mphepete mwa windo la bulawuza, pulogalamu ija yotsegulira mawebusaiti, ulikoke pang'onopang'ono mpaka lichepe ngati chikhatho, ukuyang'ana pomwe zinthu zikuyamba kuthyoka. Ukanachita zimenezi Lachisanu lija, bwenzi utaliona batani likuthawa ndi maso ako. Bulawuza ilinso ndi zida za amisiri, zimene zimatha kuyerekeza foni ndiponso kuchedwetsa intaneti dala kuti uone mmene tsamba limatsegukira kwa munthu wa netiweki yofooka. Koma mawu omaliza ndi a Kankhalamba. Mutulutse m'dirowa, umupepese, utsike naye masitepe, ukaime padzuwa pakhomo la shopu ya nsapato. Lemba fomu yonse ndi chala chachikulu cha dzanja limodzi, linalo litanyamula chikwama. Umu ndi mmene mtsikana wofuna kuphunzira kusoka adzalembere, ali pa depoti. Ngati chala chikuphonya batani, likulitse. Ukadina, tsamba likuuze kuti fomu yapita, apo ayi munthu adzadina kasanu ndipo mayi aja adzalandira ophunzira asanu a dzina limodzi. Pomaliza uwaimbire, uwafunse ngati dzina lako lafikadi kwa iwo. Fomu yokongola imene siifika ndi diresi lina lopanda zipi.

Chenjezo laling'ono. Ukakweza zokonzedwazo pa seva, mwina foni ya mayi aja idzaonetsabe zakale, chifukwa mafoni amasunga mafayilo amene anawaonapo kuti asawononge bandulo. Usadzayambe kusokanso zigamba poganiza kuti walephera. Wonjezera kanambala kumapeto kwa dzina la fayilo pomwe tsamba limaiitanira, foni idzaona ngati ndi yachilendo n'kukatenga yatsopano. Nambala yawo ija uichotse pamwamba asanayambe kuphunzitsa anthu galimoto.

Zonsezi ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Ukweze Lachitatu, osati Lachisanu masana. Tsamba lokwezedwa Lachisanu masana limadwala Loweruka, pamene dokotala wake ali kuchapa.

Ntchito yovuta ndi ya kwa Bwana. Netiweki inalakwiridwa, ndipo uyenera kuiyeretsa dzina. Batani likangobwerera, ukagogode. Uwauze chimene unachita, chimene wakonza, ndi chimene uzichita kuyambira pano kuti zisabwerezeke. Sindingakulonjeze kuti akusunga, mitima ya mabwana sindiiwerenga. Koma ndagwira ntchito ndi anthu ambiri, ndipo wophwanya kanthu n'kunena sindinamuopepo. Ndimaopa amene amati ndi netiweki. Komanso Lolemba a Tidikire akadzatsegula Git adzaona zonse, ndiye ndi bwino Bwana amve kwa iwe.

Git ija uyambirenso. Sunga pafupipafupi, kanthu kamodzi pa nthawi, ndipo uzilemba chifukwa. "Ndasintha zinthu" si uthenga. "Ndachepetsa bokosi la fomu kuti batani lioneke pa foni" ndiye uthenga. Ukafuna kuyesa maganizo atsopano, ngakhale chida cha pa kanema chija, tsegula nthambi yapadera mu Git, ukasewere kumeneko, thunthu likhale lili bwinobwino.

A Tidikire nawonso ali ndi kamlandu kawo, ndipo ukawauze kuti ndatero ine. "Musakhudze" si ndemanga, ndi nyambo. Akanalemba kuti "izi n'za mafoni, pa sikirini yaikulu sizioneka," bwenzi iwe uli pa mtendere. Ndinawerengapo za alembi akale amene ankakopera mabuku pamanja, mwezi ndi mwezi. M'mphepete mwa masamba ankasiyamo timawu tawo: inki yasungunuka, zala zazizira, apa ndakayika, wodzawerenga aone bwino. Ankalembera munthu amene sadzakumana naye. Ndemanga ya mu khodi ndi yomweyo. Chimene mzere ukuchita, wodziwa ntchito adzachiona yekha. Iwe umulembere chifukwa chake, poganiza kuti tsiku limene adzatsegule fayiloyo iwe sudzakhala pafupi kuti akufunse.

Izi ndikuzinena ndikuzidziwa. Ntchito imene ukugwira iweyi, kwathu ankaigwira ndi mayi akunyumba. Ine ndinkasamala za kuseri, zosunga mayina ndi manambala, iwo za kumaso. Tinkakhala pa tebulo limodzi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo CSS yawo sindinkaitsegula, chifukwa kufunsa kunali kungotembenuza mutu. Sabata yatha kasitomala wathu wina, wa shopu ya mabuku, anapempha kuti tisinthe kanthu kakang'ono. Ndinatsegula fayilo yawo koyamba. Chapansi ndinapeza mizere ina yooneka yopanda ntchito, ndipo chala changa chinali kale pa batani lofufutira. Pamwamba pake analemba kuti: "Bambo a mwana, ndikudziwa kuti mukufuna kufufuta. Izi n'za mafoni ang'ono, pa kompyuta yanu sizioneka. Kamweni tiyi." Deti lake ndi la zaka zitatu zapitazo. Ndinakamwa tiyi. Ntchito ya shopu ya mabuku ndinaimaliza tsiku lomwelo, iwo akundilondolera mzere ndi mzere.

Akuluakulu amati madzi akatayika saoleka, ndipo mwezi uno ndaona kuti sananame. Koma ako sanatayike, mwana wanga, ali mu Git, akudikira foni imodzi yokha. Usachedwe nayo poopa kutsokomola kwa a Tidikire. Alipo, foni yawo ikulira, ndipo akhoza kukuyankha. Imba lero, ndipo usadzafufutenso mzere umene sukuudziwa usanafunse mwini wake kapena Kankhalamba.

Aphungu